Anabadwa chaka cha kaundula wa fodya

Simenti inali itayamba kugwira pamene mmisiri anatembenuka, msomali uli m'manja, n'kufunsa kuti alembepo chiyani. Tinali kumanda a kwathu, pakati pa Nsaru ndi Nambuma, chilimwe chino cha 2026. Amfumu anali atatipatsa njira m'mamawa, pakuti kumanda kwa Achewa munthu sangolowako ngati kudimba. Ziliza zinali ziwiri zogundizana, cha agogo aamuna ndi cha agogo aakazi, makolo a mayi anga. Tinachedwa nazo zaka zoposa makumi awiri, chaka chilichonse tikumati tikakolola, tikagulitsa, mvula ikatha.

Dzina la agogo aamuna silinavute. Chaka chimene anatisiya, 2003, aliyense ankachikumbukira. Koma mmisiri atafunsa chaka chobadwa, tonse tinangoyang'anana. Atsibweni, amene tsopano ndiwo mwinimbumba, anakhala chete kanthawi akusisita mutu wa ndodo yawo, kenaka anati: "Amayi awo ankanena kuti anabadwa chaka chimene akapitawo anayamba kuyenda m'midzi kulemba anthu olima fodya. Iwe ndiwe unapita kusukulu, tamuuza mmisiriyu kuti n'chaka chanji chimenecho."

Ndinayankha kuti 1926, mmisiri n'kulemba. Chimenecho ndicho chaka chimene boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board ndi kulamula kuti munthu wakuda aliyense wolima fodya pamalo a makolo ake alembetse dzina. Ndiye kuti agogo akanakhala ndi moyo, chaka chino akanakwanitsa zaka 100, iwo pamodzi ndi kaundulayo. Chichokereni kumanda kuja nkhaniyi sinandichoke m'mutu. Anthu a kwa Njewa, kwa Kabudula, kwa Kalolo, kwa Khongoni ndi kwa M'bwatalika akhala akulembedwa zaka zana lathunthu: m'buku la fodya, la msonkho, la opita ku migodi, la ngongole ya feteleza, la makuponi. Olembawo ankafuna kudziwa kuti munthuyu atulutsa mapaundi angati ndipo alipira zingati. Zakuti iyeyo ndani, anakwatira kwa yani, anaika ana angati, zinatsala m'mitu ya anthu ngati atsibweni, ndipo anthu oterewa akutha.

Mabuku a mbiri ya dera lino ali ndi mayina awo ochepa amene amawabwereza. Loyamba ndi la Mfumu Njewa. Amalemba kuti boma la Lilongwe linayambira m'dziko lake mu 1902, m'mbali mwa mtsinje, ndipo pofika 1904 linali litasanduka poyendetsera dera lonse. Chapafupi pomwepo, ku Likuni, ansembe a White Fathers anali atamanga mishoni mu 1903. Kaboma kakang'ono kaja ndiko kanakula kukhala likulu la dziko mu 1975. Lero ukatuluka m'tauni pamsewu wa ku Mchinji sudziwanso pomwe mzinda wathera ndi pomwe kwa Njewa kwayambira. Minda yomwe ndili mwana ndinkaiona ili ndi chimanga tsopano ndi mapuloti a mipanda ya njerwa. Mlendo amene Njewa anamupatsa pokhala wakula mpaka akugula minda ya zidzukulu za mwini malo, ndipo ena mwa ogulitsawo, ndalama zikatha, amakalondera pageti la nyumba yomangidwa pamunda wa amayi awo.

Dzina lachiwiri ndi la A.F. Barron, amene pamodzi ndi mnzake Wallace anatsegula esiteti ku Mbabzi mu 1920. Azungu awiriwa anaona kuti katondo wa chigwa cha Lilongwe amabereka chikopa cholemera, fodya wa masamba okhuthala woumitsa ndi utsi. M'malo molima okha, anayamba kugawa mbewu m'midzi ndi kutumiza akapitawo kuti aziphunzitsa anthu kafesedwe ndi kaumitsidwe, iwo n'kumadzagula fodyayo. Nthawi yake inawakomera, chifukwa dziko la Britain linali litatsitsa msonkho wa fodya wochokera m'maiko omwe linkalamulira. Ogula ena, monga Conforzi, anathamangira kuno. M'zaka zochepa chabe, anthu zikwizikwi amene kale ankangodzala mitengo ingapo ya fodya wofwenkha kuseri kwa nyumba anali atamanga mabalani. Kwa mwamuna wa nthawi imeneyo, fodya anali njira yopezera ndalama ya msonkho popanda kusiya mkazi ndi ana kupita ku Halale.

Bungwe la 1926 lija linabwera ndi mawu akuti likufuna kuti fodya wa anthu a m'midzi akhale wabwino. Ntchito yake yeniyeni inaoneka pang'onopang'ono. Linkadula kandalama pa fodya aliyense wogulitsidwa, linkasankha oyenera kugula, linachepetsa misika kotero kuti anthu ankasenza mitolo mtunda wautali, ndipo linaika malire a kukula kwa munda. Wopyola malirewo ankamuzulira. Mitengo itagwa mu 1937, alimi a ku Lilongwe anakwiya koopsa pamisika. Kuyambira 1938 bungwelo linayamba kugula lokha fodya wa alimi a m'midzi n'kukamugulitsa pa okushoni ku Limbe, ndipo ndalama ya pakati pa mitengo iwiriyo sinkafika m'manja mwa mlimi. Dzina linkasintha: African Tobacco Board mu 1952, Farmers Marketing Board mu 1962, ADMARC mu 1971. Koma dongosolo loti mlimi wa m'mudzi agulitse kwa wogula mmodzi, pamtengo umene sanaupangane, linakhalapobe mpaka zaka za m'ma 1990. Makolo athu ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa mlimi wa chikopa mwambiwu sunali wofuna kumasulira.

Amene sanalimepo chikopa sangadziwe kuti tsamba limodzi limadutsa m'manja kangati. Ntchito imayamba mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, pofesa nazale kudambo ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse. Mvula yodzalira ikagwa, banja lonse limawokera mpaka mdima. Kenaka kupalira, kubandira, kudula nsonga, kuchotsa mphukira, kusaka mbozi tsamba ndi tsamba. Pothyola, manja amada bii ndi utomoni wowawa umene suchoka ndi madzi okha. Masamba amasokedwa n'kupachikidwa pamikangala m'balani, ndipo apo m'pamene pamayambira kusagona. Moto wa chikopa sufuna malawi, umafuna utsi. Munthu amachezera pakhomo pa balani kuyang'anira zikuni kuti zizingofuka. Akangowodzera, lawi limodzi limatha kumeza thukuta la chaka chonse. Ndimakumbukira agogo aakazi akutuluka m'balani m'bandakucha, maso ali psuu, akutsokomola, n'kutenga ndowa kupita kuchitsime ngati kuti usikuwo anagona.

M'kaundula munali dzina la mwamuna. Munda unali wa mkazi, pakuti kwathu kuno malo amayenda ndi mbumba. Manja ambiri anali a mkazi ndi ana ake. Koma chitupa, ndi ndalama yomwe inkatsatira chitupacho, zinali m'thumba la mkamwini. Ine ndikuona kuti kusintha kwakukulu kumene fodya anabweretsa m'midzi yathu n'kumeneku, kuposa njinga ndi malata. Mkamwini amene kale ankalima munda wa apongozi mutu uli pansi anayamba kukhala ndi mawu, ndipo ambiri atapeza kandalama anapempha chitengwa, n'kutenga mkazi ndi ana kupita nawo kwawo. Amayi amene ankachezera pabalani sanalowe m'buku la aliyense.

Agogo aamuna anali a kwa Kalolo, kufupi ndi Namitete. Asanakwatire anapita ku Halale pa selefu, wapansi, kudzera ku Tete, iwo ndi anzawo atatu. Kumeneko anakagwira ntchito m'mafamu a fodya zaka zinayi, nabwerako ndi njinga, jekete ndi mabulangete awiri. Mng'ono wawo ananyamuka chaka chotsatira. Inabwera kalata imodzi, kenaka zii. Patapita zaka, mlongo wawo atabereka mwana wamwamuna, anamupatsa dzina la wosowayo, ndipo dzina limenelo ndilo chiliza chake chokha kuno kwathu. Ndi mabanja ochepa m'dera lino amene alibe mtchona wawo. Ena anapita kudzera kwa Mthandizi, ena pa Wenela kunka ku migodi ya ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 ndege yonyamula anthu obwerera kuchokera ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 anafera pomwepo. Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Njirayo inatsegukanso mu 1977 pansi pa TEBA, n'kudzatsekeka mu 1988. Amuna amene anabwerako anabwerera kubalani, ndipo zidzukulu zawo lero zikukwera basi kunka ku Joni komweko, popanda ngakhale kontilakiti.

Kumapeto kwa manda athu kuli timitumbira tating'ono tambiri, topanda chizindikiro, tina tafafanizika kale ndi mvula. Tinayi mwa timeneti ndi ana a agogo. Anabereka khumi, anakula asanu ndi mmodzi, ndipo pa nthawiyo palibe amene ankaona chachilendo, pakuti m'Malawi wa zaka za m'ma 1960 pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse sankafika zaka zisanu. Chikuku, malungo ndi kutsegula m'mimba zinkasesa m'midzi, makamaka m'miyezi ya mvula, pamene nkhokwe zapepuka ndipo amayi ali kumunda wa fodya tsiku lonse. Munthu wotchuka koposa amene dera lino latulutsa ananyamula mbiri imeneyi m'dzina lake. Lazarus Chakwera anabadwira ku Malembo, kwa Khongoni, pa 5 Epulo 1955, m'banja la alimi. Ana awiri aamuna amene anabadwa iye asanabadwe anamwalira ali makanda, ndipo bambo ake pomutcha Lazaro ankakhulupirira kuti uyu manda amulephera. Mwanayo anakula, anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, anakhala phungu wa kwawo komweko, nakhala mtsogoleri wa dziko kuyambira 2020 mpaka 2025. Za ulamuliro wake anthu amaweruza mosiyanasiyana, ndipo pano si bwalo lake. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti azichimwene ake awiri aja ndi ana anayi a agogo anga anagona m'timitumbira tofanana, ndipo palibe amene angadziwe kuti akanakula akanakhala anthu otani.

Patangotha zaka zinayi chibadwire Chakwera, mu 1959, masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anatsegula chipatala cha St Gabriel's ku Namitete. Chaka chimenecho mabuku amachikumbukira chifukwa cha kumangidwa kwa atsogoleri a Kongeresi pa 3 Malichi. Amayi a kumadzulo kwa Lilongwe amachikumbukira chifukwa kunapezeka kokachirira. Mayi wovutika pobereka ankagonekedwa m'ngolo usiku, ng'ombe zikumenyedwa kuti zifulumire, achembere awiri ali pambali pake. Edzi itafalikira, m'zaka za m'ma 1990 ndi zotsatira, mabedi sanakwanire, ndipo ntchito yambiri inagwera anthu ongodzipereka a m'midzi, amene ankayenda ndi kupalasa njinga mitunda italiitali kukapereka uthenga kuchipatala. Mu 2008 mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Stanford, Josh Nesbit, anabwera ndi mafoni 100 ndi kompyuta imodzi kuti uthengawo uziyenda pa meseji. Nzeruyo inali yabwino, ndipo kuchokera pa Namitete inafalikira m'maiko ena. Komabe foni inkangonyamula mawu. Wosambitsa wodwala, womutembenuza pamphasa, womukumbutsa kumwa mankhwala ndi womuphikira phala anali mayi kapena bambo wa m'mudzi momwemo, amene nayenso anali ndi munda wake womudikira.

Agogo anaona ndi maso awo chitukuko chachikulu chimene chinasintha nkhope ya dera lino. Mu 1968 kunayamba ntchito ya Lilongwe Land Development Programme, ya ndalama zokongola ku World Bank, ndipo kumadzulo kwa Lilongwe kuno ndiko inakhazikika. Mathirakitala analambula misewu ndi kukumba migula yotchinga madzi. Mijigo inazikidwa. M'malo ngati Nsaru, Mpingu ndi Ming'ongo munamangidwa misika ndi nyumba za alangizi. Feteleza ndi mbewu zinkaperekedwa pangongole, ndipo alimi ena ankalandira ng'ombe zoti anenepetse m'khola. Zambiri mwa izi zinathandiza, ndipo ina mwa misewuyo tikuyendamobe. Koma chimene chinafika pa mizu ya mudzi ndi ndunda. Potsatira malamulo a malo a 1967, dera lathu ndilo linasankhidwa kuti malo a makolo ayezedwe, azikidwe miyala m'malire, ndi kulembedwa m'dzina la mtsogoleri mmodzi wa banja. Funso linali lakuti alembedwe ndani. Mabanja ambiri analemba mwinimbumba, mwamuna, woyang'anira malo amene olima ake ndi alongo ake ndi ana awo. Pomwe mtsogoleriyo anali wokhulupirika, pepalalo lateteza malo mpaka lero. Pomwe anamwalira ana ake n'kulipeza m'sutikesi, milandu yake ikuzengedwabe m'mabwalo a mafumu, ana a mwamuna ndi ana a alongo ake osadyerana. Mayi amanena kuti tsiku limene anazika mwala pangodya ya munda wathu, agogo aakazi anaima n'kuuyang'anitsitsa, khasu lili paphewa, kenaka anafunsa mlongo wawo: "Kodi mwalawu ukudziwa amene anaswa mphanje pano?"

Alipo malo amodzi pomwe mawu a amayi ngati iwo anamveka, ngakhale mochedwa. Ku Chitedze, pamsewu womwewo wa ku Mchinji, kuli malo ofufuzira za ulimi omwe anatsegulidwa mu 1948. Kwa zaka zambiri alangizi ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani anthu akukakamira chimanga cha makolo pomwe cha haibulidi chimabereka kwambiri. Ena ankati n'kusaphunzira. Yankho linali mumtondo ndi m'nkhokwe. Haibulidi wa nthawiyo anali wofewa: pokonola ankaphwanyika n'kuthera ku gaga, mphale n'kutsala pang'ono, ndipo anankafumbwe ankamumaliza m'miyezi yochepa. Mayi wosinja ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense, choncho banja linkalima haibulidi wogulitsa, cha makolo n'kukhala cha pakhomo. Akatswiri a ku Chitedze atamvetsa, anatulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, chimanga cholimba chokonoleka bwino, ndipo anthu sanachedwe kuchilandira. Chaka chomwecho kunatulukanso mtedza wa CG7, kudzaima pambali pa Chalimbana amene dera lino linkatchuka naye. Mbewuzo zili ndi manambala m'malo mwa mayina, koma anazipatsa maonekedwe ndi munsi wa amayi a ku Mpingu ndi ku Kabudula.

M'zaka zomwezo alimi a m'midzi analoledwa kulima bale, amene kale anali wa eni maesiteti okha. Zigafa zinamera paliponse, makalabu anapangidwa, ndipo mabelo anayamba kupita ku okushoni ku Kanengo m'dzina la mlimi mwini. Agogo aamuna anali atakalamba. Anayesa bale zaka ziwiri, n'kubwerera ku chikopa. Ankati fodya wosanunkha utsi sakumumvetsa.

M'nyumba mwawo munali zipembedzo ziwiri. Agogo aakazi anali Mkatolika wa ku Nambuma, mishoni yomwe inatsegulidwa mu 1928. Agogo aamuna anali munthu wa kudambwe ndipo sanalowepo kalasi. Pakati pa tchalitchi ndi gule panali udani wakale: ansembe ankachotsa pa masakramenti wopezeka kubwalo, eni dambwe nawo ankafulumira kumeta anyamata sukulu ya mishoni isanawatenge. Nkhondo imeneyo pakhomo pa agogo sinalowe. Lamulungu m'mawa agogo aamuna ankapopa njinga n'kuwasiyira akazi awo panjira ya kutchalitchi. Ng'oma zikalira madzulo, agogo aakazi ankawasungira nsima m'mbale yovundikira osafunsa kanthu. Bishopu Patrick Kalilombe atadzozedwa kukhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anayambitsa miphakati kuti akhristu a m'mudzi azipemphera ndi kuthandizana okha osadikira wansembe. Boma la nthawiyo linaikayikira miphakatiyo, ndipo mu 1976 bishopuyo anachoka m'dziko muno. Miphakati inatsala. Agogo aakazi anali m'gulu la amayi oyamba a mphakati wa kwathu, ndipo ntchito yawo inali ya maliro ndi odwala. Agogo aamuna atamwalira, abale awo a kwa Kalolo anavomera kuti agone komwe anakalambira, chinthu chimene sichichitikira mkamwini aliyense. Zilombo zinatuluka kudzawaperekeza. Amayi a mphakati nyimbo sanaimbe, koma anatunga madzi ndi kuphika masiku onse a maliro, chifukwa wofedwayo anali wawo. Patatha zaka ziwiri, mu 2005, bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi.

Chaka chimene chinawathyola msana agogo aamuna ndi 2002. Zokolola za 2001 zinali zitachepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo pofika Januwale mtengo wa chimanga unali woti munthu wa kumudzi sangaufike. Pa 27 Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, koma m'midzi anthu anali atayamba kale kuika maliro. Anthu anadya gaga, mizu ya nthochi ndi maungu osakhwima. Mbuzi inkasinthidwa ndi kandowa ka chimanga. Agogo anagulitsa njinga ija ya ku Halale, imene inali itakonzedwa kambirimbiri mwakuti chotsala cha pachiyambi chinali felemu yokha. Phala likabwera, ankaitana tidzukulu n'kutipatsa mbale yawo, akumati iwo adya kale kwa anzawo. Tinazindikira mochedwa kuti kwa anzawoko kunalibe moto. Njala inatha, chimanga chinacha, koma thupi lawo silinabwererenso. Anamwalira chaka chotsatira, nkhokwe ili yodzaza, choncho pa chiwerengero cha ofa ndi njala imeneyo iwo palibepo. Munthu amene analembedwa m'mabuku ambiri chotero, m'buku limeneli lokha sanalowemo.

Mmisiri atamaliza chiliza choyamba anasamukira pa chachiwiri, ndipo apa panavuta dzina lenilenilo. Kwathu mkazi akakula satchulidwanso dzina la paubwana. Amaitanidwa ndi mfunda, aNaphiri, aNabanda, aNambewe, kapena ndi dzina la mwana wake. Agogo aamuna, zaka zonse zoposa makumi asanu za banja lawo, sitinawamvepo akutchula akazi awo dzina. La ubatizo lili m'buku la ku Nambuma, ndipo ine ndinati tilembe limenelo, popeza ndilo lolembedwa. Mayi aang'ono anapukusa mutu.

"Achimwene," anatero kwa atsibweni, "mukalemba limenelo, obwera kuno adzadziwa kuti agona apa ndani? Ndani anawaitanapo choncho pamudzi pano?"

Atsibweni anavomera, mmisiri n'kulemba mfunda. Kenaka anafunsanso funso lake lija la chaka chobadwa. Mayi aang'ono anati agogo ankanena kuti anabadwa chaka cha dzombe. Onse anatembenukira kwa ine. Dzombe linasakaza minda zaka zingapo zotsatizana m'ma 1930, ndipo kusankhapo chimodzi kukanakhala kuwasemera chaka. Ndinawauza choncho.

"Ndiye lembani momwe ankanenera eni akewo," anatero atsibweni.

Mmisiri anawaza timadzi pasimenti, nayeza malo ndi chala. Zilembo zinali zambiri, ndipo anazichepetsa kuti zikwane pamzere umodzi: ANABADWA CHAKA CHA DZOMBE. Pansi pake analemba 2005. Mayi anawerenga mokweza kawiri, pang'onopang'ono, kuti atsibweni amve, popeza maso awo saonanso bwino. Kenaka amayi anayamba kutola ndowa, anyamata anasenza mafosholo, ndipo tinatuluka kumanda pamzere, amfumu ali patsogolo.